Dennis Skinner: phungu amene adakhala zaka 49 m'Nyumba ya Malamulo osalawako unduna

Dennis Edward Skinner ndi mmodzi mwa aphungu amene adakhalitsa kwambiri m'Nyumba ya Malamulo ya dziko la Britain. Iwo adaimira dera la Bolsover, m'chigawo cha Derbyshire ku England, kuyambira mu Juni 1970 mpaka mu Disembala 2019, ngati phungu wa chipani cha Labour. Adapambana zisankho zikuluzikulu 13 motsatizana, ndipo pa nthawi yomwe adali phungu dzikolo lidalamulidwa ndi nduna zikuluzikulu 10, kuyambira Edward Heath mpaka Boris Johnson.

Pa zaka zonsezi a Skinner sadakhalepo nduna kapena wachiwiri kwa nduna. Adali phungu wamba kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, komabe dzina lawo lidamveka kuposa la nduna zambiri za nthawi yawo. Manyuzipepala adawapatsa dzina loti Beast of Bolsover, kutanthauza Chilombo cha ku Bolsover, kaamba ka kusaopa kwawo polankhula.

Phungu wamba ndi ndani

Nyumba ya Malamulo ya ku Britain ili ndi zigawo ziwiri: Nyumba ya Commons, momwe mumakhala aphungu 650 osankhidwa ndi anthu, ndi Nyumba ya Lords, yomwe mamembala ake sasankhidwa ndi anthu pa chisankho. M'Nyumba ya Commons, mbali ya boma ndi mbali yotsutsa zimakhala moyang'anizana. Nduna zimakhala pa mipando ya kutsogolo ya mbali ya boma, pamene aneneri a chipani chotsutsa amakhala kutsogolo kwa mbali inayo. Aphungu ena onse, omwe alibe udindo wotere, amatchedwa aphungu a mipando ya kumbuyo. Nyumba ya Malamulo ya Malawi idatengera miyambo yambiri ya kumeneko, kuphatikizapo udindo wa Sipikala ndi kakhalidwe ka mbali ziwirizi.

Ku Britain nduna zimasankhidwa kuchokera mwa mamembala a Nyumba ya Malamulo. Choncho phungu wofuna unduna amayenera kusamala kuti asakhumudwitse atsogoleri a chipani chake, makamaka pa nthawi yovota. Phungu amene alibe chiyembekezo cha udindo alibenso chomumanga pakamwa, ndipo apa ndi pamene padagona mphamvu za a Skinner.

Ubwana ndi ntchito ya mu mgodi

A Skinner adabadwa pa 11 Febuluwale 1932 m'tauni ya Clay Cross, dera la migodi ya malasha ku Derbyshire. Adali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi anayi. Bambo awo adali wogwira ntchito mu mgodi, ndipo adachotsedwa ntchito itatha sitalaka yaikulu ya 1926, pamene ogwira ntchito m'dziko lonse adanyanyala ntchito pogwirizana ndi anzawo a m'migodi. Mayi awo ankagwira ntchito yokonza m'nyumba. Nkhani za malipiro, za ngozi za mu mgodi ndi za mabwana ndi zomwe mwanayu adakula nazo pakhomo.

Ali ndi zaka 10 adakhoza mayeso olowera ku sukulu ya sekondale ya Tupton Hall, mwayi umene ana ochepa a anthu a m'migodi ankaupeza. Komabe sadapitirire ku yunivesite. M'chaka cha 1949 adalowa ntchito pa mgodi wa Parkhouse, pafupi ndi kwawo, ndipo utatsekedwa mu 1962 adasamukira ku mgodi wa Glapwell. Adagwira ntchito ya m'migodi kwa zaka 21.

Adalowa chipani cha Labour mu 1956. Mu 1960 adasankhidwa kukhala khansala ku khonsolo ya Clay Cross, kenaka adalowanso m'khonsolo ya chigawo cha Derbyshire. M'zaka zomwezo za m'ma 1960 adakhala pulezidenti wa nthambi ya ku Derbyshire ya bungwe la ogwira ntchito m'migodi la National Union of Mineworkers. Mu 1967 adakachita maphunziro ku koleji ya Ruskin mu mzinda wa Oxford, yomwe idakhazikitsidwa pofuna kuphunzitsa anthu akuluakulu apantchito.

Kulowa m'Nyumba ya Malamulo

Dera la Bolsover lidakhazikitsidwa mu 1950, ndipo phungu wake woyamba adali Harold Neal wa chipani cha Labour, yemwenso adachokera ku migodi. A Neal atapuma, bungwe la ogwira ntchito m'migodi lidaima pambuyo pa a Skinner, omwe adapambana pa chisankho cha pa 18 Juni 1970. Chipani chawo chidagonja pa chisankhocho, motero adayamba uphungu ali ku mbali yotsutsa boma la a Heath.

Sipadapite nthawi kwawo kusadabuke mkangano. Mu 1972 boma lidakhazikitsa lamulo lokakamiza makhonsolo kukweza lendi ya nyumba zawo. Makhansala 11 a ku Clay Cross, omwe mwa iwo mudali abale awiri a a Skinner, adakana kukweza lendiyo ponena kuti anthu sangakwanitse. Boma lidawalamula kulipira kuchokera m'matumba awo ndalama zomwe khonsolo sidatolere, ndiponso lidawaletsa kukhala pa udindo. A Skinner adawayankhulira makhansalawa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo sadaiwale kuti boma la Labour lomwe lidalowa mu 1974 silidawachotsere chilango chonse.

Mu Julayi 1973 chikepe chotsitsa anthu chidagwa pa mgodi wa Markham, kufupi ndi Bolsover, ndipo anthu 18 adafa. Nkhani za chitetezo m'migodi, chipukutamisozi cha ovulala komanso cha odwala matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la malasha zidakhala pakamwa pa phunguyu kwa zaka zambiri.

Malinga ndi zomwe eni ake adafotokoza, dzina la Chilombo lidabwera mu 1977, aphungu akupereka ulemu kwa Anthony Eden, nduna yaikulu yakale yomwe idali itangomwalira. Pamene ena ankatamanda malemuwo, a Skinner adaimirira n'kuyamba kukamba za anthu ofa ndi ovulala m'migodi omwe palibe adawakumbukira. Aphungu a chipani cha Conservative adakwiya, ndipo manyuzipepala adawadzudzula kwambiri.

Malamulo omwe adadziikira

A Skinner ankatenga uphungu monga ntchito ya mu mgodi, komwe munthu wosabwera salandira malipiro. Pachifukwachi adali mmodzi mwa aphungu osajombajomba ku zokambirana. Adakana mchitidwe womwe aphungu awiri a mbali zosiyana amapangana kuti onse asabwere tsiku lovota kuti chiwerengero chisasinthe. Kwa iwo, kupangana kotere kudali kuthandiza phungu wa Conservative kukapanga ndalama kwina nthawi ya ntchito.

Sankapita nawo pa maulendo a kunja olipiridwa ndi ndalama za boma, ndipo sankacheza m'malo omwera mowa a ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2009, nyuzipepala ya Daily Telegraph itaulula momwe aphungu ambiri ankagwiritsira ntchito molakwika ndalama zoyendetsera ntchito zawo, zidapezeka kuti a Skinner adali m'gulu la omwe ankatenga ndalama zochepa kwambiri.

Ngakhale ankatchedwa phungu wa kumbuyo, malo awo enieni adali pa mzere wa kutsogolo, kuseri kwa kanjira komwe kamalekanitsa mipando ya atsogoleri ndi ya aphungu wamba. Pamalopa mawu awo ankamveka bwino kwa nduna. Ankavala jekete ya nsalu yokhuthala ndi tayi yofiira, pamene anzawo ambiri ankavala masuti akuda. Mu 2015 aphungu atsopano a chipani cha Scottish National Party adafuna kuwalanda mpandowo, koma iwo ankalawira m'mamawa kukausunga mpaka anzawowo adagonja.

Sitalaka ya 1984 ndi Margaret Thatcher

Nthawi yovuta kwambiri pa uphungu wawo idali ya sitalaka ya ogwira ntchito m'migodi, yomwe idayamba mu Malichi 1984 n'kutha mu Malichi 1985. Boma la Margaret Thatcher lidafuna kutseka migodi yomwe linkati sikupanga phindu, ndipo bungwe la ogwira ntchito, motsogozedwa ndi Arthur Scargill, lidakana. A Skinner adayendayenda m'dziko lonse kulankhula pa misonkhano, ndipo adapereka malipiro awo a uphungu kuthandiza onyanyala ntchitowo ndi mabanja awo. Patatha chaka anthu adabwerera ku ntchito osapeza chomwe ankafuna.

Ngakhale adali mdani wa ndale wa mayi Thatcher, awiriwa adasiya mbiri ya tsiku lina loseketsa. Pa 22 Novembala 1990, tsiku lomwe mayiwa adalengeza zotula pansi udindo, phungu wina adawafunsa ngati adzapitirize kulimbana ndi ganizo lokhazikitsa banki yaikulu ya maiko a ku Ulaya. A Skinner adakuwa kuti mayiwo ndiwo adzakhale gavanala wa bankiyo. Nyumba yonse idafa ndi phwete, ndipo mayi Thatcher adayankha kuti limenelo ndi ganizo labwino.

Kudziwa ndondomeko za Nyumba

Ambiri amakumbukira a Skinner chifukwa cha nthabwala, koma chomwe chidawapatsa mphamvu zenizeni ndi kudziwa ndondomeko za Nyumba ya Malamulo. Chitsanzo chachikulu ndi cha mu Juni 1985.

Chaka chimenecho Enoch Powell adabweretsa bilu yoletsa kafukufuku pa miluza ya anthu, ndipo aphungu ambiri adali kumbali yake. Bilu ya phungu wamba imapatsidwa nthawi yochepa, ndipo ikapanda kutha m'nthawiyo imafa. Otsatira a Powell adakonza zoti tsiku lina Lachisanu apemphe Nyumba kuti iwonjezere nthawi yokambirana biluyo. A Skinner, omwe ankakhulupirira kuti kafukufukuyu angathandize mabanja osowa mphatso ya ana komanso odwala matenda a kumtundu, adapeza njira. Pa nthawiyo mpando wa dera la Brecon and Radnor udalibe mwini kutsatira imfa ya phungu wake. Malinga ndi ndondomeko, pempho loti pachitike chisankho chapadera limayamba kukambidwa nkhani zina zisanayambe, ndipo phungu aliyense angathe kulipereka, ngakhale kuti mwa chizolowezi limaperekedwa ndi chipani chomwe chidali ndi mpandowo. A Skinner adapereka pempholi n'kulankhulapo kwa nthawi yaitali, anzawo n'kuwathandiza, mpaka nthawi ya tsikulo idatha. Bilu ya a Powell idafera pomwepo.

Mu 1990 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola kafukufukuyu, koma moyang'aniridwa ndi boma komanso osapitirira masiku 14 a mluza. A Skinner ankanena kuti zomwe adachita mu 1985 ndi zomwe amanyadira kwambiri pa uphungu wawo wonse. Mu Januwale 1989 adagwiritsanso ntchito njira yomweyi, pa mpando wa Richmond, kulepheretsa ganizo la Ann Widdecombe lokhudza lamulo la kuchotsa pakati. Omwe ankagwirizana ndi mabiluwa adadandaula kuti phungu mmodzi watsekereza chifuniro cha ambiri, koma palibe lamulo la Nyumba lomwe lidaphwanyidwa.

Nthabwala za tsiku lotsegulira Nyumba

A Skinner ankatsutsa ufumu ndiponso Nyumba ya Lords. Pa mwambo wotsegulira Nyumba ya Malamulo, mfumu kapena mfumukazi imawerenga uthenga wa boma m'Nyumba ya Lords, ndipo mkulu wotchedwa Black Rod amatumidwa kukaitana aphungu. Akafika, chitseko chimatsekedwa pamaso pake monga chizindikiro choti aphungu sali pansi pa mfumu, ndipo iye amagogoda katatu ndi ndodo yake asanalowe. Aphungu ena akanyamuka, a Skinner ankatsala pa mpando wawo, koma asanatero ankaponya kamawu.

Mu 1992 adauza mthengayo kuti akauze Mfumukazi Elizabeth II izilipira msonkho. Kumapeto kwa chaka chomwecho kudalengezedwa kuti Mfumukazi iyamba kulipira msonkho pa chuma chake. Mu 2006 adafunsa ngati Helen Mirren, katswiri wa zisudzo yemwe adasewera ngati Mfumukazi mu filimu ya chaka chimenecho, ali pafupi kuti agwirizire. Mu 2017 adati afulumire chifukwa mpikisano woyamba wa mahatchi, omwe Mfumukazi inkakonda, uyamba hafu pasiti thuu. Mawu awo adasanduka mbali ya mwambowo, moti chaka chomwe adakhala chete, mu 2015, atolankhani adalemba nkhani ya kukhala chete kwawoko.

Lilime lomweli lidawatulutsitsa m'Nyumba kokwana pafupifupi kakhumi. Mu 1984 adanyoza David Owen ndi mawu awiri, ndipo Sipikala atawalamula kuti abweze, iwo adangobweza liwu limodzi, lofatsa mwa awiriwo. Mu 1992 adatulutsidwa atanyoza nduna ya zaulimi John Gummer. Mu Epulo 2016, pa nkhani ya zikalata za Panama zokhudza chuma chosungidwa kunja, adatchula nduna yaikulu David Cameron kuti Dodgy Dave, kutanthauza munthu wokayikitsa. Sipikala John Bercow adawapempha kangapo kuti abweze mawuwo, iwo adawabwereza, ndipo adatulutsidwa kwa tsiku lonselo.

Ubale wawo ndi chipani

A Skinner adali wa mbali ya chipani cha Labour yolimbikitsa kuti boma liziyendetsa ntchito zikuluzikulu monga migodi, njanji ndi zipatala. Adalowa m'komiti yaikulu ya chipanichi mu 1978 ndipo, kupatula zaka zochepa, adakhalamo mpaka 2014. Adali wapampando wa chipani kuyambira 1988 mpaka 1989, udindo womwe si wa boma ndipo umasinthasintha chaka ndi chaka.

Adavota motsutsana ndi atsogoleri awo pa nkhani zingapo zazikulu, monga nkhondo ya ku Iraq mu 2003 ndi kukonzanso zida za nyukiliya za Trident mu 2007. Komabe sadachokepo m'chipani, ndipo ankadana ndi aphungu odumphira ku zipani zina. Mu 2015 adali mmodzi mwa aphungu omwe adasainira Jeremy Corbyn kuti apikisane nawo pa utsogoleri wa chipani.

Odzudzula a Skinner ankati kukana udindo ndi njira yosavuta yokhalira woyera, chifukwa munthu amene sadayendetsepo unduna sakumana ndi zisankho zowawa za bajeti. Ena ankati nthabwala zawo nthawi zina zinkapyola malire n'kukhala chipongwe, ndipo kuti kukana kwawo kuchezerana ndi a mbali ina kudali kuuma mtima. Owakonda ankayankha kuti Nyumba ya Malamulo imafunika anthu omwe sangagulidwe ndi lonjezo la mpando.

Mu Febuluwale 2017, Gerald Kaufman atamwalira, udindo waulemu wa Tate wa Nyumba, womwe umapita kwa phungu yemwe wakhalitsa mosalekeza, udali pakati pa a Skinner ndi Kenneth Clarke. Onse adalowa mu 1970, koma a Clarke ndiwo adayamba kulumbira, motero udindowo udapita kwa iwo. A Skinner adali atanena kale kuti sakuufuna. Chitatha chisankho cha mu Juni 2017, iwo ndiwo adali phungu wamkulu pa onse mu zaka zakubadwa.

Migodi itatsekedwa

Mphamvu za a Skinner zidachokera ku migodi, koma migodiyo idatha iwo akadali phungu. Migodi ya Bolsover, Markham ndi Shirebrook idatsekedwa mu 1993, ndipo mgodi wakuya womaliza m'dziko la Britain, wa Kellingley ku Yorkshire, udatsekedwa mu Disembala 2015. Pamodzi ndi migodiyo padapitanso nthambi za bungwe la ogwira ntchito, makalabu ndi misonkhano zomwe zinkalumikiza mabanja ku chipani cha Labour.

Phunguyu adalimbikira kuti malo a mgodi wa Markham asanduke malo a mafakitale, ndipo mphambano yatsopano ya pa msewu waukulu wa M1, yotchedwa 29A, idatsegulidwa mu 2008. Anthu a m'deralo amaitchula kuti mphambano ya Skinner. Ntchito zidabwera, koma zambiri zidali za m'nyumba zosungiramo katundu, za malipiro ochepa ndi zosakhazikika, ndipo a Skinner eni ake adadandaulapo za izi m'Nyumba ya Malamulo.

Thanzi lawo lidavutanso. Adadwala khansa ya chikhodzodzo mu 1999 ndipo adachitidwa opaleshoni ya mtima mu 2003. Poyamikira zipatala za boma, adauza Nyumba kuti omwe adapulumutsa moyo wawo adali madokotala ochokera ku Syria, Malaysia, Netherlands ndi Nigeria, ndipo ankagwiritsa ntchito chitsanzochi poyankha onyoza anthu obwera.

Kugonja kwa 2019

A Skinner adatsutsa umembala wa Britain ku mgwirizano wa maiko a ku Ulaya kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ponena kuti mgwirizanowo umakomera eni chuma. Pa riferendamu ya 2016 adavotera kutuluka, monganso adachitira anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse a m'boma la Bolsover. Koma pofika 2019 chipani chawo chidalonjeza riferendamu yachiwiri, pamene chipani cha Conservative chinkalonjeza kumaliza nkhani yotulukayo.

Mu 1997 a Skinner adapambana ndi mavoti oposa 27,000 pamwamba pa wotsatira wawo. Mu 2017 kusiyanako kudatsika kufika pa mavoti ongopitirira 5,000. Pa chisankho cha pa 12 Disembala 2019 adali ndi zaka 87, ndipo sadathe kuchita kampeni mokwanira chifukwa adali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Mark Fletcher wa Conservative adawagonjetsa ndi mavoti oposa 5,000. Aka kadali koyamba kuti dera la Bolsover lichoke m'manja mwa Labour chikhazikitsidwire mu 1950, ndipo madera ena ambiri a migodi yakale kumpoto ndi pakati pa England adachitanso chimodzimodzi usiku womwewo.

Mu 2020 gulu la aphungu la Socialist Campaign Group lidawasankha kukhala pulezidenti wake waulemu. Pa chisankho cha mu Julayi 2024 dera la Bolsover lidabwerera ku chipani cha Labour, Natalie Fleet atapambana.

Mbiri ya moyo wawo adailemba m'buku lotchedwa Sailing Close to the Wind, lomwe lidatuluka mu 2014, ndipo mu 2017 kudatuluka filimu yofotokoza za iwo yotchedwa Nature of the Beast. Ku Bolsover amakumbukiridwanso chifukwa choyendera nyumba zosamalira okalamba, komwe ankaimba nyimbo zakale pamodzi ndi odwala matenda oiwalaiwala, matenda omwe adagwiranso mayi awo owabala.